Dzanja Lokankha pa Tourmalet

Mkulu wophika buledi wa m'tauni ya Luz phiri limodzi saliwerengera. "Limodzi n'kudzutsa miyendo chabe," amatero akupopa matayala a njinga. Chilimwe chilichonse amakwera mapiri atatu panjinga tsiku limodzi, n'kumalizira phiri la Tourmalet. Lamulo lawo n'lachikale: wofika pamwamba msanga amabwerera kukatenga wotsalira. Zaka zonsezi wotsalirayo anali mkazi wawo, Maite, amene ankati akamakankhidwa pamsana, n'kukalipa: "Chotsani dzanja, madala inu, mundipaka ufa!"

Maite anamwalira nyengo yachisanu yapitayi.

Chilimwe chino mkuluyo anafika pamwamba pa Tourmalet. Odile, wogulitsa khofi pamenepo, anatuluka akuwomba m'manja.

"Mapiri onse atatu, bambo! Khalani pansi musanatigwere pano."

"Konza makapu awiri, ndikubwera," anayankha mwachizolowezi, njinga ataitembenuza kale.

Anakumbukira kuti Maite kulibenso ali m'kati motsika, koma sanaime mpaka pokhota pomwe Maite ankathera mphamvu. Anapezapo nkhosa zokha. Anakweranso pang'onopang'ono, pa liwiro la mkazi wawo, dzanja lamanja litatambasuka likukankha mphepo.

Panalibe wowakalipira.