Tsiro la a Lucrécia Linakwera Masitepe

Alamu anga a Lucrécia sakhulupirira nyumba imene sanaizire okha. Anakulira kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi, kugona mopanikizana pansi pa lona ndi anthu osawadziwa. Atabwerera kuno ku Majaua mtendere utabwera, anayamba kumanga khoma asanagule ngakhale mbale. Mpaka lero, akatopa kugulitsa nyemba pamsika wa Milange, mpumulo wawo ndi kugwada n'kumazira pansi. Ine Zefa ndimawaseka, koma m'nyumba mwawo mumasalala moti nyerere imaterereka.

Mwana wawo Tânia atapeza malo kuyunivesite ku Quelimane tinavina mudzi wonse. Chisangalalocho sichinachedwe kuzirala. Chaka choyamba mtsikanayo ankagona m'kachipinda kosungiramo makala kuseri kwa shopu ya munthu, mvula ikagwa madzi n'kumafika m'mabuku. Anabwera kutchuthi akutsokomola. Alamu anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Sukulu imeneyo yatha," anatero. "Sindinabereke kuti mwana wanga akagonenso ngati wothawa nkhondo."

Tânia analira, abambo ake a Celestino anachonderera, koma mawu a alamu ndi msomali. Tchuthi chili pafupi kutha, foni inalira. Yunivesite inali itatsegula lar yatsopano, nyumba zogona ophunzira zamtengo woti ngakhale wogulitsa nyemba angakwanitse, ndipo dzina la Tânia linali pakati pa opatsidwa chipinda. Ine ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika. Alamu sanamwetulire n'komwe.

"Ndikaone ndi maso anga. Ndipo ngati ndi nyumba yatsopano, mwana salowa ndisanaizire."

M'mawa mwake anatsikira kudambo n'kukakumba tsiro, dothi lakuda lija lozirira pansi, thumba lathunthu. Woyendetsa chapa, minibasi ya kuno, atalinyamula anafunsa ngati muli miyala. Ndinapita nawo pamodzi ndi Tânia, poti nkhani yotere sungaimvere kwa ena. Njira yonse kudutsa Mocuba mapazi awo anali pathumbapo, ngati pali wina amene angabe dothi.

Titafika, mayo ine! Nyumba zosanjikizana, zoyera mbee, mawindo ndandanda, kutsidya kwake amisiri akumalizitsa za aphunzitsi. Chipinda cha Tânia chinali pamwamba penipeni. Alamu anakana kuthandizidwa, anasenza tsiro lawo pamutu n'kuyamba kukwera masitepe, ophunzira akupatuka ndi ulemu poganiza kuti ndi ufa. Mayi woyang'anira lar, a dona Márcia, anatsegula chitseko.

Pansi ponse panali matailosi, onyezimira ngati mbale ya mlendo.

Alamu anatula thumba. Anagwada, napapasa pansi ndi chikhatho, kufunafuna pomwe dothi lingagwire. Panalibe. Ine kuseka kunandigwira pakhosi, koma nditaona nkhope yawo ndinamva chisoni. Mayi ameneyu anabwera ndi chinthu chimodzi chimene amachidziwa kupatsa mwana, ndipo nyumba inali itachikana.

"Mamã, muno sazira," anatero Tânia chapansipansi.

"Ndaona, ndili ndi maso."

A dona Márcia atamva kuti m'thumbamo muli chiyani anawomba m'manja. Iwonso anali a chigawo chakwathu, ku Molumbo. Anatapa pang'ono, kununkhiza, n'kunena kuti, "Ili ndi la kudambo lenileni, achemwali! Musabwerere nalo. Kukhitchini ya panja kumene atsikana amaphikira ndi fumbi lokhalokha."

Simunaone alamu akutsika masitepe ngati mtsikana! Chitenje m'chiuno, madzi m'ndowa, khitchini ija inaziridwa ophunzira ataunjikana, ena akujambula ndi mafoni, ena atagwada kupempha kuti awaphunzitse. Atatha anakweranso pamwamba manja ali matope. Anagogoda makoma, anayang'ana kudenga ngati kukudontha, anatsegula mpope n'kutseka, anafunsa mnzake wa chipinda wa Tânia kuti kwawo n'kuti ndipo amapemphera kuti. Anatseka chitseko ndi kiyi, n'kuchikankha ndi phewa kuti aone ngati chingagonje.

Nthawi yonseyi Tânia anali chiimire, chikwama chake chisanamasulidwe.

"Ndiye tibwerera limodzi, mamã?"

Alamu anapukuta manja pachitenje, misozi ili lengelenge m'maso.

"Ubwerere kukatani? Masula katunduyo. Nyemba ndikakolola ndekha."