Kuphunzira ayezi pa mchenga wa ku Nakatindi

Ndinkagwira ntchito kuphompho la kumunsi kwa mathithi, kutsitsa alendo pa chingwe ndi kuwakwezanso. Ntchito ndinkaidziwa, koma mtima sunkakhala m'malo. Ndikafika kunyumba ku Nottie Broadie, mu tauni ya Livingstone, ndinkangozungulira pabwalo ngati nkhuku yosowa poikira.

Chaka china kunabwera mayi wina wachizungu, wa imvi, amene kwawo ankatsogolera anthu kumapiri a chipale chofewa nyengo yozizira. Anali atachokera kumapiri a kum'mawa kwa Afirika, zida zake zikadali m'chikwama. Ataona momwe ndinkamangira mfundo, anandifunsa ngati ndinaganizapo zokwera pa ayezi. Ndinaseka. Ayezi amene ndinkamudziwa ndi wa m'matambula a alendo.

Komabe Loweruka ndinapita kuloji kumene ankakhala, pamsewu wa Nakatindi. Kuseri kwa lojiyo amisiri ankamanga nyumba, ndipo panali chimulu cha mchenga. Mayiyo anandipatsa kankhwangwa kosongoka ndi zitsulo zaminga zomangirira kunsi kwa nsapato, n'kundiuza kuti ndikwere pamwamba, ndidzigwetse dala.

"Ukaterereka, tembenuka ugone chafufumimba," anatero. "Kanikiza nkhwangwa pansi ndi phewa. Mapazi m'mwamba, minga ikakola pansi uthyoka mwendo."

Ndinagwa chagada, ndinagwa chamutu, mchenga m'kamwa ndi m'makutu, dzuwa la Okutobala lili phwee. Amisiri omanga anaika pansi mafosholo.

"Ba mudala, ni chani ichi?" anafuula mmodzi. "Mufuna kulima pa mchenga?"

Mlamu wanga amagwira ntchito m'butchala. Anatilowetsa m'chipinda chozizira chosungiramo nyama kuti ndiyese kumanga mfundo nditavala magolovesi okhuthala. Pakati pa miyendo ya ng'ombe yolendewera, zala zinauma, ndipo mfundo imene ndimamanga ngakhale nditatsinzina inandikanika. Mayiyo sanandiseke. Anati ulendo wautali pa ayezi umafuna kuyenda osatuluka thukuta, kudya njala isanakupeze, ndi kubwerera nyengo isanakukakamize.

Pochoka anandisiyira nkhwangwa ija. Inangowonjezera matenda anga osakhazikika aja. Ndinkaitsitsa pakhoma, kuipukuta, kuibwezera. Kuntchito ndinkayang'ana miyala yakuda ya kuphompho n'kumaiona yoyera.

"Ba tate," anatero mkazi wanga tsiku lina akuchapa, "muyende mukaone ayezi yanu, olo mukhale pansi. Mwanilemesa."

Ndinapita, nkhwangwa ija m'chikwama. Ndinakwera basi mpaka ku Tanzania, n'kupeza malo m'gulu lonyamula katundu wa alendo paphiri lalitali. Kumwamba mutu unkagunda ngati ng'oma, mpweya osakwana. Ayezi nditamufika sanali wofewa ngati mchenga ayi. Anali wolimba ngati botolo, wobiriwira mkati, ndipo nditamenya koyamba nkhwangwa inadumpha, dzanja n'kuchita dzanzi. Ndinamenyanso, inaluma.

Pansonga sitinafike. Mphepo inakula, mtsogoleri wathu anati tibwerere, ndipo ndinatsika ndikutukwana chamumtima.

Ku Livingstone ndinafika milomo itang'ambika, mphuno itasupuka. Mkazi wanga anandidzoza mafuta, nandifunsa ngati tsopano ndakhuta. Ndinati inde. Sabata isanathe anandipeza pakhonde ndikufunsa dalaivala wa malole, woyandikana nafe nyumba, za msewu wopita ku Uganda, kumene ndinamva kuti kulinso mapiri a ayezi.