Tsiku limene amayi anasintha nambala

Amayi atalembedwa m'kaundula wa mtukulapakhomo analibe foni. Ndinapereka nambala yanga kuti ndalama zawo zizilowera mmenemo, ndipo kumudzi kwathu ku Mkanda anthu anandiyamikira kuti ndine mwana wosamala. Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu kokonza njinga pa Kamwendo, koma bizinesi inkayenda mokwawa.

Miyezi yoyamba ndinkawapititsira zonse. Kenako ndinayamba kutapako pang'ono, mumtima ndikumati ndibweza ndikagulitsa matayala. Ulendo wina ndinadya zonse, n'kuwauza kuti boma lachedwa kutumiza. Iwo anangoti, "Chabwino, tidikira." Sindinaganize kuti anzawo a kutchalitchi, omwe ankalandira nawo, amauzana ndalama zikalowa.

Lachiwiri lina m'mawa ndinangowaona ataima pakhomo la shopu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kafoni ka mabatani.

"Ndagulitsa mtedza uja," anatero. "Undiperekeze kuboma akasinthe nambala."

Ndinatseka shopu, tinakwera minibasi.

Kuofesi tinakhala pabenchi mpaka masana. Nthawi yathu itakwana, mayi wa padesiki anatenga chitupa cha amayi, anayang'ana pakompyuta, n'kufunsa, "Nambala yakaleyi ndi ya ndani?"

"Ya mwana wangayu."

"Ndiye mukusinthiranji? Ngati pali vuto muzinena, amayi. Ena ana awo omwe ndi amene amawabera."

Anthu apabenchi anasiya nkhani zawo n'kutchera khutu. Ine maso anali pa nsapato zanga.

Amayi anaseka pang'ono. "Ayi, uyu ndi mwana wabwino. Kungoti ku Mkanda n'kutali, amatopa kupalasa njinga kudzandipatsa. Ndamumvera chisoni."

Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali asanayambe kulemba. Atamaliza anandikankhira fomu kuti ndisaine ngati mboni. Ndinasaina, koma dzina langa linatuluka ngati lalembedwa ndi munthu wina. Amayi anadinda chala, n'kupukutira inki pachitenje.

Titatuluka tinapita kwa ajenti wina wa ndalama za pafoni wokhala pansi pa ambulera kuti amayi aike nambala yachinsinsi. Bamboyo anawapatsa foni n'kunena kuti, "Dinani manambala anayi oti musadzaiwale." Amayi sanapite patali ndi sukulu, choncho ndinawerama kuti ndiwathandize. Anaphimba foni ndi dzanja.

"Tayang'ana uko," anatero chapansipansi.

Ndinatembenuka. Ndinaima choncho, maso pa mathiraki olowera kuboda, ndikumva kafoni kakulira kumbuyo kwanga: pi, pi, pi, pi. Ndikanakonda akanandikalipira pamaso pa anthu onse aja.

Pobwerera anagula mandasi awiri padepoti, limodzi n'kundipatsa. Titafika pa Kamwendo ndinati ndiwapalase mpaka kumudzi. Anakana, n'kuitana kabaza.

"Pita ukatsegule shopu, makasitomala akudikira."

Nkhaniyi sitinaikambepo mpaka lero. Mvula yotsatira ndinawagulira thumba la feteleza n'kukawasiyira pakhonde. Analandira, anathokoza mmene amathokozera mlendo, n'kundifunsa ngati ana ali bwino.