Ndevu za Amayi Anga

Ine ndi amayi tonse timamera ndevu pachibwano. Iwo zawo sankazilabadira, ankagulitsa nazo tomato mumsika wa Chinamwali akuseka ndi aliyense. Ine zanga ndinkazula m'mawa uliwonse, nditatseka chitseko.

Chinkhoswe changa chitayandikira, ndinamva za malo ena ku Blantyre ochotsa tsitsi ndi makina a kuwala otchedwa leza. Mtengo wake unali woboola m'thumba, koma ukabwera ndi munthu watsopano, iye ankamuyamba mwaulere, iwe n'kulipira theka.

Ndinawauza amayi kuti ndawakonzera mphatso mutauni. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, tomato n'kusiyira anzawo.

Titafika, mtsikana wapamalopo anawagwira chibwano, n'kundiyang'ana. "Achemwali, za amayiwa ndi imvi, makina sagwira. Ndiye zolipira theka zija sizitheka."

Amayi anangoti, "Oho."

Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Ndalama zanga sizinakwane, ndipo tinatuluka ndevu zathu zili momwemo.

Tinakwera minibasi yobwerera kwathu. Titafika pa Namadzi, amayi anati, "Malemu bambo ako ankati ndevuzi ndi mwayi. Sindinkadziwa kuti iwe zimakuchititsa manyazi."

Apa m'pamene ndikanapepesa. Koma ine, ndi mantha angawa, ndinati, "Ayi amayi, inali mphatso chabe."

Tsiku la chinkhoswe anabwera atameta okha ndi lezala, pachibwano pali kabala kofiira. Anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu, "Pano ndikhoza kukhala kutsogolo, mwanangu?"