Mlamu wanga anatsitsa mwana wanga panjira tsiku la mayeso

Ndinaika sukulu ya mwana wanga m'manja mwa mlamu wanga popanda kuganiza bwino, ndipo mpaka lero mtima wanga sunazizire. Inu owerenga, imvani zomwe zinandigwera.

Kwathu ndi ku Nkhunga. Mwana wanga Esinati anali Fomu 2 pa sukulu yoyendera yomwe inali kutali, ndipo za basi tsiku ndi tsiku sindikanazitha. Mlamu wanga, mchimwene wa mayi akunyumba, anali ndi pikapu yonyamula nsomba kupita nazo kumsika m'mawa uliwonse. Mabanja anayi tinapangana kuti tizisonkha mafuta, iye azitenga ana athu. Anawo ankakhala pamwamba pa madengu n'kukalowa m'kalasi akununkha usipa, koma sankachedwa.

Kenaka kunabwera zipani zambiri. Mlamu analowa china, ine china. Mkazi wanga anandiuza kuti achimwene ake ayamba kutinena m'misonkhano. Ine ndinangoti chibale ndi fupa, sichiwola.

Tsiku la mayeso a masamu kunacha kozizira. Esinati anangotola chitenje cha mayi ake pachingwe n'kufunda. Chinali cha chipani changa. Ndinamuona akutuluka, koma sindinamubweze. Tsikulo mlamu sananyamule nsomba, ananyamula anyamata a chipani chake opita kumsonkhano. Anyamatawo ataona nsaluyo anayamba kumukuwiza Esinati. Pamphambano mlamu anaimitsa galimoto.

"Tsika, akunyamule eni nsaluyo. Dutsa m'dambomu, n'pafupi."

Mwanayo njira imeneyo sankaidziwa. Anasochera m'minda ya mpunga, n'kukafika kusukulu matope lekeza m'mawondo, anzake akutuluka m'chipinda cha mayeso. Sanakhoze. Ndinamuchonderera kuti abwereze, anakana chifukwa cha manyazi. Chaka chotsatira anakwatiwa.

Nditapita kukafunsa, mlamu sanadzuke n'komwe pampando. "Galimoto ndi yanga, alamu. Mukanamuveka bwino mwana wanu."

Ndinabwerera kunyumba. Ndinadikira.

Dzinja litafika, pikapu ija inatitimira m'matope pafupi ndi munda wanga, itadzaza nsomba zaziwisi zochokera ku Ngala. M'dera lonselo ng'ombe za ngolo zinali zanga zokha. Mlamu anabwera chipewa chili m'manja.

"Alamu, tibwerekeni ng'ombe, katundu awonongeka."

"Zatopa, alamu."

Zinali zikudya msipu iye akuziona. Ndinatulutsa mpando, n'kukhala poti andione bwino. Dzuwa linakwera, ntchentche zinafika, ndipo madzulo nsomba zonse anakazikwirira. Malonda ake sanadzukenso. Mkazi wanga anatha nthawi yaitali osandilankhula. Abambo a kutchalitchi anandiyendera kudzanena za kukhululuka. Ndinawalandira mwaulemu, koma ndinawauza kuti pikapuyo ikadzatitimiranso ng'ombe zanga zidzakhala zotopabe.

Inu makolo, kusonkherana galimoto ya ana n'kwabwino, ndipo kumapeputsa. Koma musadalire munthu chifukwa choti ndi wachibale. Mukaona kuti mwayamba kusemphana naye, mchotsenimo mwana wanu msanga. Muphunzitseni njira yapansi yopita kusukulu, muyende naye nokha. Tsiku la mayeso mukwezeni panjinga, ngakhale yobwereka, mukamusiye pachipata ndi manja anu. Nsomba za mlamu zinawola ine ndikuonerera, koma Esinati lero akupalira mpunga m'dambo lomwe anasocheramo, mwana ali kumsana.