Chimanga cha m'njanji

Bambo anga anagwira ntchito ya njanji zaka zambiri cha ku Luchenza, yolambula udzu ndi kumanga mabawuti. Atakalamba anayamba kuiwala. Ankangokhala pakhonde kwathu ku Chitakale osayankhula, ndipo ine mwana wawo ankandipatsa moni ngati mlendo wofunsa njira. Zinkandiwawa kwambiri.

Ine ndine kalipentala, nzeru zanga zimathera pa thabwa. Ndiye ndinaganiza zowapangira kanjanji kakang'ono pathabwa, kuti mwina akaona malo awo akale akumbukenso kuti ali ndi mwana. Mkazi wanga anati munthu wa imvi akayamba zidole ndiye kuti misala yagogoda, komabe anandibwereka sizasi yake.

Ndinakwera minibasi kukaona malowo ndi maso anga kuti ndisaname. Zimene ndinapeza zinandibalalitsa mutu. Panali kanjanji kopatuka kamene kankalowa m'tchire n'kukatulukira m'munda wa munthu. Chimanga ndi nandolo zinafika mpaka pazitsulo penipeni. Amayi ena anali atayanika makaka a chinangwa pamiyala ya njanjiyo. Nditafunsa ngati sitima imadutsabe pamenepo, mmodzi anati eya, wina anati ayi, wachitatu anandifunsa ngati ndine wa boma. Ndinangojambula zonse pa foni n'kubwerera.

Ndinagwira ntchitoyo masabata atatu. Njanji inali ya waya, zopingasa zake timitengo ta machesi, sitima ya zitini za nsomba. Makaka aja ndinapanga ndi mpunga woswa. Chimanga ndiye chinandidyera nthawi: ulusi wa saka woviika mu penti wobiriwira, phesi limodzilimodzi, kumata ndi guluu mpaka maso kuwawa. Kunena zoona ndinkachinyadira kuposa sitimayo.

Nditawaikira thabwalo pamiyendo, bambo analiyang'ana nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa waya pang'onopang'ono, chinakaima pamunda paja. Kenako anayamba kuzula chimanga changa. Ndinafuna kuwagwira dzanja, mkazi wanga anandiletsa ndi diso. Anazula chonse, anakolopola mpunga uja ndi chikhadabo, ndipo anandiyang'ana m'maso koyamba patapita miyezi yambiri.

"Iwe, chigawo chimenechi n'chako?"

"Eya, bambo."

"Bambo wako ndani pantchito pano? Sitima ikagwa apa ukayankha chiyani? Mawa ndidzapeze poyera."

Mawu anali awo enieni, aukali aja amene tinkawathawa tili ana. Koma ankakalipira wantchito waulesi, osati ine. Ndinaima pomwepo ngati chitsiru, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinakhoza kapena ndinalakwitsa.

M'mawa mwake ndinalawirira, ndinatola ulusi uja pansi, n'kudzalanso chimanga chonse m'njanji kuti bambo akadzuka apeze chondikalipira.