Misomali ya pa Thabwa la Kastanyu

Ndikakumbukira agogo Filipe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la mtengo wosemedwa kumene, losakanikirana ndi la ndowe m'mawa wozizira wa ku Tsangano, sompho ikugunda kho, kho, kuseri kwa khola. Ankasema magoli a ng'ombe, luso limene anabwera nalo kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Ng'ombe iliyonse inali ndi thabwa lakelake. Ankaisisita khosi, n'kukhoma misomali pathabwapo, n'kupinda kansungwi kopyapyala pakati pa misomaliyo mpaka katafanana ndi khosilo. Akatero ankalemba kupindikako pamtengo wa goli ndi khala n'kuyamba kusema.

"Usakakamize nsungwi, mdzukulu," ankatero. "Suntha msomali, iyo itsatira yokha."

Chaka china agogo anagonekedwa m'chipatala nthawi yolima kachewere, goli la Kastanyu, ng'ombe yawo yapamtima, litathyoka. Malume Zuze, amene ankadziyesa enjenyeru, katswiri wa zopangapanga, chifukwa chokhalako miyezi itatu ku Tete, anazula misomali yonse pathabwa la Kastanyu n'kukhomera chitseko cha nkhuku zawo. Chitseko cha nkhuku! Goli latsopano analidula ndi macheka, lamakona ngati mpando.

"Malume, agogo sachita choncho," ndinawauza.

"Khala chete iwe! Ng'ombe ndi ng'ombe basi, pronto."

Mlungu usanathe khosi la Kastanyu linasupuka, mphutsi zinalowa, koma malume anangopitiriza kulimitsa. Agogo potuluka anapeza ng'ombe yawo itaphedwa kale. Sanakalipe. Anatenga thabwa lija n'kumapapasa timabowo ta misomali ndi chala. Sanasemenso goli mpaka kumwalira. Malume sanapepese, ndipo kufatsa kwa agogoko kumandipsetsa mtima mpaka lero.

Panopa ndimajambula miyendo yochita kupanga pa komputadori, makamaka chikho cholowetsamo chitsa cha mwendo wodulidwa. Mzere wopindika umagwiridwa ndi timadontho, ndipo ukasuntha kamodzi mzere wonse umasintha. Mwezi watha ndinakhala masiku awiri pa chikho cha mayi wina wa ku Furancungo, ndikusuntha kadontho ka pansi pa bondo.

"Tumiza basi, palibe angaone kusiyana," anatero abwana anga.

"Mukauvala ndinu mwendowu?" ndinakuwa, ofesi yonse ikumva.

Anandipatsa kalata yondichenjeza, ndipo ndinasaina n'kubwerera pa kadontho kaja mpaka chikhocho chitakhala bwino. Mayiwo akuyenda kupita kudimba kwawo, ndipo pachitsa pawo palibe chilonda.